A Kamchacha ndi Msuzi wa Usipa

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, pamudzi wina panali kalabu ya alimi a chimanga. M'kalabumo munali bambo wina, a Kamchacha. Iiih, ana inu, munthu ameneyu sankadikira kuti mnzake amalize kulankhula. Ukangoyamba, iwo: "Ndamva kale!"

Chaka china mbozi zinagwa m'minda. Masamba a chimanga mabowo okhaokha. Alimi anasonkhana patsinde pa mango, ndipo Nangondo, mayi amene munda wake unali wobiriwirabe, anaimirira kuti aphunzitse anzake.

"Anzanga, mankhwala a mbozi ndi msuzi wa usipa. Mukaphika..."

"Ndamva kale!" anatero a Kamchacha. Khasu paphewa, ulendo!

Atafika kunyumba anaitana akazi awo. "Anachisale, phikani usipa. Msuzi uchuluke."

Usipa utapsa, a Kamchacha anagwira mbale, gubudu gubudu, msuzi wonse m'mimba. Mumtima ankati, "Chinsinsi chake ndi fungo basi." Analowa m'munda, nawerama pa chimanga choyamba n'kuchipumira. "Haaa!" Chachiwiri. "Haaa!" Mzere wonse, mpaka chizungulire.

M'mawa mwake, msuzi. "Haaa!" Mkuja wake, msuzi. "Haaa!" Iwo kunenepa, mbozi nazo kunenepa.

"Abambo, kodi kumsonkhano munamva bwino?" anafunsa Anachisale. "Chimangachi chikutha. Ana tidzawapatsa chiyani?"

"Inu zaulimi wamakono simungazimve. Wonjezerani mchere."

Tsiku lachisanu Nangondo akudutsa anaona munthu atawerama, akupumira chimanga.

"A Kamchacha, mukuchinong'oneza chiyani chimangacho?"

"Ndikuthira mankhwala anu aja. Koma ngabodza! Ndamwa mbale khumi, mbozi ngakhale imodzi sinafe."

Nangondo anakhala pansi pamzere. Anaseka mpaka duku kugwa.

"Mwamwa? Abale inu! Msuziwo mumasakaniza ndi shuga pang'ono, n'kudontheza pansonga pa chimanga, pomwe mbozi imabisala. Nyerere zikamva fungo zimakwera, n'kuidya mboziyo. Wakumwa si inu ayi!"

A Kamchacha manyazi, maso pansi. Anayang'ana munda wawo, mtima n'kuwawa.

Tsiku lomwelo Anachisale anaphikanso, ndipo onse awiri anayamba kudontheza. Nyerere zinabweradi, chigulu. Koma zina zinamva fungo lokoma kuposa la m'chimanga: ndevu za a Kamchacha, ndi malaya omwe msuzi unkatayikira masiku onse aja. Zinakwera m'miyendo. Zinalowa m'buluku. Zinafika m'khosi!

"Mayo! Ine si mbozi! Ine si mbozi!" Bambo wamkulu kudumpha mizere ngati mbuzi yodula chingwe, akazi awo pambuyo akuwakutumula ndi chitenje.

Chimanga china chinali chitapita kale, koma chotsalacho chinatsitsimuka. Nkhokwe inafika pakati, banja linadya mpaka mvula ina.

Yathera pomwepa nthano yanga, ana inu. Wokuphunzitsani akamalankhula, khalani pansi mpaka atseke pakamwa.