Katsitsi pa Mphira ya Kamera

Abale anga, m'tauni ina ya kunyanja munkakhala bambo wina wojambula zithunzi pansi pa madzi. Ena amajambula maukwati, ena ana obadwa kumene. Iyeyu ake anali tinsomba tamawangamawanga ndi miyala ya pansi, n'kumagulitsa kwa alendo odzaona dziko. Kamera yake sinali yamadzi ayi. Inali kamera wamba, yoti kungoitayikira tiyi basi yafa. Chimene chinkaisunga ndi bokosi lagalasi lolimba, lokhala ndi zogwirira uku ndi uku, tochi pamwamba. Pakamwa pa bokosilo pankazungulira kamphira kakuda, kowonda ngati chingwe cha nsapato. Moyo wonse wa kamera unali pa kamphira kameneko.

Tsono ntchito imeneyi ili ndi mwambo wake. Usanalowe m'madzi umachotsa kamphira, kukapukuta, kukayendetsa pakati pa zala kuti umve ngati pali kamchenga, kukapaka girizi pang'ono, kukabwezera, n'kutseka. Ukatero umaviika bokosi m'ndowa ya madzi n'kuyang'anitsitsa. Thovu likangotuluka, tsegula uyambirenso. Bamboyu mwambowu ankaudziwa ngati dzina lake lomwe.

Chaka china boti la asodzi linamira kutali ndi mtunda. Onse anapulumuka, koma msodzi mmodzi, Sitifano, sanaoneke. Anzake anafufuza ndi mbedza mpaka kugwa ulesi. Achibale anati, poti thupi palibe, aike thunthu la nthochi m'manda monga ankachitira makolo, maliro athe. Koma mayi ake a Sitifano, a Nangozo, anakana kwamtuwagalu. Ankati mwina mwana wawo anatoledwa ndi anthu a kutsidya, ndipo iwo sangalire nthochi mwana ali moyo. Anayamba kuwonda, akungoyang'ana kumsewu.

Kenako chingwe cha asodzi chinakodwa pamalo pamene boti lija linagona. Linali litatsakamira pa thanthwe, m'mphepete mwa phompho limene munthu safikako. Achibale anapita kwa wojambula uja, kumupempha kuti atsike. Kutulutsa thupi pakati pa maukonde opiringizana sikukanatheka kwa munthu mmodzi, iwonso ankadziwa. Ankangofuna chithunzi, mayi aone ndi maso awo, alire mwana wawo, mtima ukhale pansi.

Tsikulo kunacha bata lokhalokha, bata loopsa lija, koma chakum'mwera madzi anali atayamba kuda. Aliyense ankadziwa kuti mphepo ya mwera ili m'njira, ndipo ikawomba, boti lija likankhidwira kuphompho. Ali m'ngalawa, bamboyu anaika kamera m'bokosi, anthu ali kalikiliki kumufulumizitsa. Pomwe ankati atseke, diso lake linagwa pa kamphira. Panali katsitsi kamodzi, ka m'mutu mwake momwe, katapingasa pamwamba. Anakaona, abale anga! Musaganize kuti sanakaone. Anayang'ana katsitsi, anayang'ana kum'mwera, mumtima n'kuti, katsitsi kokha kangatani? Anatseka basi. Za ndowa sanaziganizenso.

Analowa m'madzi. Pamwamba zonse zinali bwino, galasi lili mbee, kamera ikuwala. Anadziseka yekha kuti anali mantha achabe. Anatsikabe. Madzi anasiya kubiriwira, anayamba kuda. Kuzizira kunalowa m'mafupa. Phokoso lonse la dziko linatha, kunangotsala kupuma kwake, fuu, fuu, ngati wina akumupumira kumbuyo kwa khosi. Anacheuka. Panalibe munthu.

Boti analipeza litagona chambali, maukonde akugwedezeka pang'onopang'ono. Matabwa ankalira, n'kukhala chete, n'kuliranso. Panalibe ndi nsomba imodzi yomwe yoyandikira pamenepo. Atawalitsa tochi, anamuona. Sitifano anali pomwepo, atakulungidwa mu ukonde, ali ndi malaya ake achikasu. Mkono umodzi unali kunja, madzi akuukweza ndi kuutsitsa, monga amachitira munthu poitana mnzake kuti tabwera kuno.

Bamboyu anachita mantha, chisoninso chinamugwira. Anakweza kamera. Ndiye anaona dontho m'kati mwa galasi, likutsetsereka. Lina linatsatira. Atapendeketsa bokosi, anapeza madzi afika kale theka. Pansi paja nyanja imapanikiza ndi mphamvu yake yonse, ndipo kampata kamene katsitsi kanasiya kanaikwanira. Anadina batani. Kamera inaphethira kamodzi, n'kuzima bii. Anadinanso, kudinanso, zii. Mkono uja unkangoitanabe.

Mpweya wa m'botolo la kumsana unayamba kuchepa, anakwera. Pofika pamwamba n'kuti mafunde atayamba kale.

Kumtunda anapeza a Nangozo atakhala pamphasa, manja atatambasula.

"Ndionetseni mwana wanga, bambo."

Iye anagwada n'kufotokoza zonse, za ukonde, za malaya, za mkono. Analumbira kuti pali Mulungu, anamuona. Mayiwo anangoti maso dwii pa bokosi lija, madzi akudontha m'menemo.

"Mwaona ndinu. Ine sindinaone."

Mwera unawomba masiku angapo osapuma. Utaleka, bamboyu anabwereka kamera ina. Ulendo uno anapukuta kamphira mpaka zala kuwawa, anaviika m'ndowa, anatsika. Anapeza thanthwe lokhalokha, ndi mkwasa wa boti wolowera kuphompho. A Nangozo anakalamba mpaka kumwalira asanalire maliro a mwana wawo, akufunsabe aliyense wochokera kutsidya ngati anamuonako.

Abale anga, nkhani imeneyi imandiwawa, chifukwa munthuyu sanali woipa. Anapita kukathandiza. Koma bokosi lija ndi mtima wako, ndipo katsitsi ndi katchimo kamene ukukadziwa bwinobwino. Mwina ndi chakukhosi chimene wasungira m'bale wako. Mwina ndi kauthenga ka pafoni kamene umafufuta akunyumba asanaone. Umakaona ndithu, n'kutsekera dala. Ukadali pamadzi osaya, Lamulungu ngati lero, yunifolomu yoyera, nyimbo ili pakamwa, palibe angadziwe. Koma tsiku lakuya likubwera, la matenda, la maliro, la mayesero aakulu, ndipo pamenepo madzi amafunafuna polowera.

Choopsanso n'chakuti sudzavulala wekha. Pali wina amene akudikira umboni wako kuti akhulupirire, kaya mwana wako, kaya mnansi wako. Udzamuuza zoona zokhazokha za Ambuye, iye adzayang'ana moyo wako ukudontha, n'kukuuza kuti waona ndiwe.

Tsegula lero, ukadali m'ngalawa. Muonetse Yesu katchimoko, akachotse. Pansi paja bokosi silitsegulidwa.