Malata a Prosper Mulipa

Pa siteji ya akabaza yoyandikana ndi msika wa Zomba panali munthu amene anzake ankati anabadwa ndi linthumbu m'thalauza. Dzina lake anali Prosper Mulipa. Ena akakhala pamthunzi kudikira makasitomala, iye ankangozungulira, pena kupopa tayala lopopa kale, pena kufunsa mtengo wa chinthu chimene sagula. Sanali munthu woipa. Ankagwira ntchito molimbika, mowa sankaulawa, ndipo madzulo ankabwerera kunyumba ndi kaphukusi ka matemba. Matenda ake anali amodzi: akagwira ichi, maso ali pa icho.

Prosper anali mkamwini. Kwawo kunali ku Songani, koma anakwatira kwa Namilepe, mudzi wa m'mphepete mwa mtsinje wa Likangala kumunsi kwa tauni, kumene ankakhala ndi mkazi wake Dora ndi ana awo. Chaka cha namondwe, mvula itagwa masiku otsatizana osapuma, mtsinjewo unasefukira n'kulowa m'mudzi. Nyumba zinasungunuka, nkhokwe zinapita, mbuzi zinakapezeka zitafa m'mabango. Banja la Prosper linapulumuka ndi zovala za m'thupi ndi njinga basi. Anakakhala m'tenti pabwalo la tchalitchi, ana akutsokomola ndi chinyezi. Dora, amene sanali wolankhulalankhula, ananena kamodzi kokha kuti dzinja lina lisadzawapezenso ana ake opanda denga.

Mvula itatha kunabwera bungwe lina lachifundo, lopangidwa ndi mipingo ingapo ya m'tauni pamodzi ndi aphunzitsi ndi ophunzira a ku yunivesite ya ku Chirunga. Woyang'anira ntchito anali mayi Phoebe, amene sankadziwa kuzungulira polankhula. Anati bungwe lipereka simenti ya maziko, matabwa a paini ochokera kuphiri, misomali, ndi malata okwanira nyumba imodzi pa banja lililonse. Njerwa, mchenga, madzi ndi thukuta zichokera kwa eni mudzi. Nyumba zimangidwa pamtunda, kutali ndi mtsinje, ndipo anthu azigwira m'magulu, lero kwa uyu, mawa kwa uyo. Popeza simenti inali yochepa, makoma anali a njerwa zootcha koma zomangira dothi. Khoma lotere limalimba ndithu, bola mvula ilipeze litafoleredwa.

Pa chikombole panalibe womuposa Prosper. Ankaumba njerwa m'mawa, masana n'kupita kukapalasa, ndipo uvuni wa gulu lawo unali woyamba kufuka utsi. Makoma a nyumba yake atafika m'mawindo, nkhope ya Dora inayamba kumasuka. Zonse zikanayenda bwino pakanapanda nthabwala ya pa siteji. Tsiku lina, Prosper akudzitama za nyumba yatsopano, kabaza mnzake dzina lake Sefu anamudula pakamwa.

"Mukumangira eni ake, achimwene. Mkamwini banja likatha amatuluka ndi bulangeti, malata amatsala."

Anthu anaseka n'kuiwala. Sefu mwiniwake pofika madzulo sankakumbukira kuti wanena chiyani. Koma mwa Prosper mawuwo analowa ngati thekenya. Tinene zoona, Dora sanamuopsezepo n'kamodzi komwe, ndipo alamu ake ankamupatsa ulemu. Komabe munthu amene mtima wake sukhala pansi safuna umboni kuti ayambe kuda nkhawa. Anayamba kuona chidani pamene panalibe. Apongozi akamupatsa moni mwachidule, ankati ayamba kale kumuwerengera masiku.

Atanyamula kasitomala wopita ku Songani, anapatukira kwa mlongo wake Magret, ndipo anamuuza zimene zinkamudya. Magret sanachedwe. Anamutengera kuseri kwa nyumba kumene kunali makoma amene Prosperyo anayamba kumanga asanakwatire, n'kuwasiya atamera zitsamba. Anamukumbutsa kuti mwinimbumba ndi iyeyo, ndipo n'zamanyazi kuti pamaliro kapena pamlandu azisowa pogona pamudzi wa amayi ake. Mwamuna wanzeru, anatero Magret, amakhala ndi pothawira. Kuyambira tsikulo Prosper anayamba kupatula nthawi yokweza makoma a ku Songani, kwa Namilepe akunena kuti makasitomala achuluka.

Malata atafika, banja lililonse linalandira ake kuti lisunge mpaka tsiku lokhoma. Anali oyera, onyezimira, ndipo ana ankadziyang'anirapo nkhope. Prosper anauza mkazi wake kuti m'tenti akuba sangavutike, choncho ena akawasungitsa kwa mnzake wa sitolo m'tauni. Ankawapinda awiriawiri, n'kuwamanga pa kaliyala, n'kunyamuka. Dora anayang'ana njinga ikupita. Malatawo sanaime m'tauni. Anakafika ku Songani, kumene kalipentala wina anawakhoma mbali imodzi ya nyumba ija.

Pulani ya Prosper inali yakuti nyumba zonse ziwiri zikhale ndi theka la denga, kenaka amalizitse ndi malata ena amene ankamveka kuti abwera. Mphekeserayo anaitola pa siteji pomwepo. Anayesa kufunsa mayi Phoebe mozembera, ndipo iwo anamuyankha mosabisa kuti opereka apereka zimene anali nazo, ndipo zotsala zikupita kumudzi wina umene anthu ake akadali m'matenti. Prosper anamva, koma anadziuza kuti mabwana amatero nthawi zonse pofuna kuti anthu asazolowere kupempha.

Tsiku lokhoma denga linafika. Mtsogoleri wa gulu anali Jimmy, mchimwene wake wa Dora. Amuna anakwera pamwamba, akazi akutumiza madzi ndi thobwa, nyundo zikulira. Dzuwa lisanafike pamutu malata anatha, denga lili pakati. Nyundo zinaleka kulira, ndipo aliyense anayang'ana mwini nyumba. Prosper anaseka kuseka kopanda mano, n'kunena kuti otsalawo ali m'tauni, abwera nawo mawa. Jimmy anatsika pamakwerero n'kuuza gulu kuti lipite kwa mayi wina wamasiye amene ankadikira.

Mawa linasanduka mkuja, mkuja n'kusanduka sabata yamawa. Tenti inali itang'ambika ndi dzuwa, choncho banja linalowa m'chipinda chofoleredwacho, mbali inayo nyenyezi zikuoneka. Nyumba za anzawo zinatha imodziimodzi. Kutentha kunakula, ndipo masana mitambo inayamba kuunjikana pamwamba pa phiri. Kenaka Dora anakumana pamsika ndi mayi wina wa ku Songani wogulitsa tomato, amene, posadziwa kuti n'chinsinsi, anamuyamikira kuti amuna ake amanga nyumba yonyezimira kwawo.

Dora sanakalipe. Anadikira kuti mwamuna wake adye, ana atuluke, ndipo anamutchula ndi dzina la mwana wawo woyamba monga mwa masiku onse.

"Bambo a Eva, ndamva kumene kuli malata. Achimwene sindinawauze, amayi Phoebe sindinawauze. Kawachotseni mubwere nawo, mabowo a misomali timata ndi phula. Mitambo mukuiona nokha."

Prosper anachita manyazi, ndipo analonjeza. Kutacha anabwereka nyundo n'kupalasa mpaka ku Songani, ali wotsimikiza mtima. Koma Magret atamuona akuika makwerero pakhoma, anakhala pansi n'kuyamba kudandaula mokweza kuti oyandikana nawo amve. Anati mudzi wonse waona kale dengalo, ndiye lero anthu aone mwinimbumba akusasula nyumba ya kwawo chifukwa mkazi walamula? Anati zikuoneka kuti kwa Namilepe anamudyetsa kanthu. Prosper anaima pamakwerero, nyundo ili m'manja, thukuta lili kamukamu. Anatsika osazula msomali ndi umodzi womwe. Kwa Dora anakanena kuti kalipentala sanamupeze.

Masiku otsatira anali omvetsa chisoni kuwaona. Akakhala ku Songani ankaganiza za ana ake ogona pansi pa theka la denga, n'kulumbira kuti mawa achotsa malata. Akafika kwa Namilepe mawu a Sefu ankamubwerera, n'kuganiza kuti adikire kaye, mwina malata ena aja abweradi. Chakudya chinaleka kulowa. Makasitomala anayamba kumuthawa chifukwa ankawapitirira pamalo potsikira. Anafunsa mtengo wa malata m'masitolo onse a m'tauni, ngati kuti akafunsa kambiri utsika. Njira yokonza zinthu inali poyera, ndipo inkangofuna tsiku limodzi ndi nyundo, koma inkafunanso kuti munthu asankhe.

Mvula inabwera masana ena chakumapeto kwa Novembala. Prosper anali pa siteji pamene phiri lonse la Zomba linabisika mumtambo wakuda, ndipo mphepo inayamba kuulutsa mapepala ndi mabasiketi pamsika. Anakwera njinga n'kulunjika kwa Namilepe. Atayenda pang'ono anakumbukira kuti ku Songani anasiya matabwa osamanga bwino, n'kutembenuka. Ali pakati pa msewu wa ku Songani, mvula ikumukwapula kumaso, anaganiza za ana, n'kutembenukanso. Nthawi imene akanatha kuthandiza kwina kulikonse anaithera pamsewu.

Anafika kwa Namilepe mvula itadukiza, dzuwa likulowa. Pamtunda ponse nyumba zatsopano zinali chiimire, madzi akudontha m'malata, utsi ukutuluka m'makhitchini. Mudzi umene Likangala anaufafaniza unali utadzukadi. Panali mpata umodzi wokha pamzere wa nyumbazo. Mphepo inalowera kumbali yosafolera n'kunyamula denga lonse pamodzi ndi matabwa ake, n'kukalipinda m'munda wa chinangwa. Madzi anatsikira m'makoma, dothi lomangira linasungunuka, ndipo khoma lalitali linagwera m'kati, pamalo penipeni pamene ana ankayala mphasa.

Prosper anaponya njinga pansi. Anayamba kufukula njerwa ndi manja akuitana dzina la Eva, mpaka mayi wina woyandikana nawo anamugwira paphewa n'kumuuza kuti Dora anatulutsa ana denga litangoyamba kugwedezeka, ndipo onse ali kwa Jimmy.

Jimmy anamulandirira pakhonde. Sanakweze mawu.

"Alamu, ana ali bwino. Koma m'nyumba muno simulowa mpaka ankhoswe akhale pansi."

Prosper anayamba kufotokoza za akuba, za kalipentala, za malata ena amene akubwera. Dora anatulukira pakhomo, chitenje chili chonyowa, mwana wamng'ono ali kumsana. Anamusiya kuti amalize zonse.

"Ine sindinaganizepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti mudzachoka pano," anatero Dora. "Munaganiza ndinu. Mwakhala mukusamuka pang'onopang'ono, lata ndi lata, ife tikuona. Pitani mukamalize kusamukako."

Prosper anagona pakhonde la tchalitchi, ndipo kutacha anapalasa kupita ku Songani, akudzitonthoza kuti pothawira paja tsopano pagwira ntchito. Koma mphepo sisankha mudzi. Denga la theka la kumeneko nalonso linali litanyamuka. Malata ena anali atakulungika pamtengo wa bulugamu, ena anthu anali atatola kale, ndipo makoma amene anawakweza mothamanga anali atang'ambika kuyambira pamwamba mpaka pansi. Magret anamulandira ndi chisoni chenicheni, n'kumuphikira tiyi. Koma za pogona anayang'ana pansi. Nyumba yake inali ya chipinda chimodzi, muli mwamuna wake, ndipo mwamuna wamkulu sagona m'nyumba ya mlongo wake wokwatiwa. Anati mwina afunse kwa anyamata a kugowelo.

Patapita masiku, Prosper anakumana ndi mayi Phoebe panjira, galimoto ya bungwe itadzaza malata opita kumudzi wina uja. Sanamunyoze. Anamuuza kuti gulu la kwa Namilepe lagwirizana kuwongola malata opindika aja ndi kumangira Dora ndi ana kachipinda kamodzi, mbali yotsala afolera ndi udzu. Za iye sananene kanthu, ndipo iye sanafunse. Galimoto itapita, mvula inayambanso kuwaza. Prosper anakankhira njinga yake pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu, n'kuima pamenepo madzi akumutsikira m'khosi, osadziwa kuti ikakata alowera kuti.

Anthu akufuna kwabwino anamupatsa denga lathunthu, lokwanira iye, mkazi wake ndi ana ake. Analigawa yekha pofuna kukhala ndi kwina kothawira, ndipo mvula inamupeza alibe kulikonse. Akuluakulu anaziona kalekale zoterezi pamene ananena kuti mapanga awiri avumbwitsa.