Misoti Yosagona ya Gilibati

Pakhomo pa Gilibati, kufupi ndi msika wa Mitundu, mtendere udathawa tsiku limene mkazi wake Zipora adabwera kuchokera kusikelo maso ali psuu. Mwana wawo Enifa, wa zaka ziwiri, adali atatsikanso sikelo. Mzere wa pakhadi lake udali ukuloza pansi mwezi wachitatu, ndipo tsitsi lidayamba kufiirira.

"Anamwino akuti azidya dzira tsiku lililonse," adatero Zipora. "Akuti tikachedwa ayamba kutupa miyendo."

Nanga mazirawo akadachokera kuti? Nkhuku zachikuda zidatha ndi chitopa mudzi wonse. M'khola mudali misoti khumi ndi iwiri ya Mikolongwe, yakuda bii, imene Zipora adagula tsiku limodzi ndi ya mnansi wake Martina kudzera kwa alangizi a zaulimi, a Maliro. Koma misotiyo idali ya miyezi itatu yokha, ndipo alangizi adanena kuti kuikira ndi pa miyezi isanu ndi umodzi.

Gilibati sadali munthu woipa ayi. Nthenda yake idali imodzi: chinthu akachiona kamodzi, basi iye ndiye katswiri wake. Adagwirako ganyu pa famu ina ku Nathenje, kumene adaona magetsi akuyaka m'khola la nkhuku zoikira. Pamenepo adamanga mfundo yakuti nkhuku imaikira chifukwa cha kuwala, tulo n'kutaya nthawi. Adasinthanitsa wailesi yake ndi nyali yopopa, naipachika m'khola kuti iziyaka kuyambira madzulo mpaka kutacha.

"Bambo a Enifa, nkhuku imalowa yokha dzuwa likamalowa, popanda woiuza," adadandaula Zipora. "Inu mukufuna muisandutse mlonda?"

"Mwana akufota tikuona, inu mukuti tizidikira dzuwa?" adayankha Gilibati. Mawu ake adali aukali, koma kunena zoona mwamunayo adali ndi mantha.

A Maliro atamva, adapalasa njinga kudzaona okha. "A Gilibati, za ku Nathenje zija zidali nkhuku zokhwima, ndipo magetsiwo amawazimitsa kuti zigone. Thupi la nkhuku limawerenga usana ndi usiku. Chimene yadya masana chimagwira thupi ikapuma mumdima. Mukaunamiza msoti kuti kunja sikukuda, uyamba kuikira chiuno chisanakule."

"Ndamva, alangizi," adatero Gilibati, manja ali kumbuyo mwaulemu. Njinga itangokhota, iye uyo kukagula parafini.

Misoti ija idasiya kudziwa nthawi. Masana inkasinza chiimirire, chakudya inkangochitosatosa, ndipo idayamba kuzulana nthenga. Zipora akaigwira ankamva fupa la pachifuwa lili lakuthwa. Mtima wake sudakhale m'malo, koma akatembenuka n'kuona Enifa atakhala phee pamkeka, osasewera, ankangoisiya nyali ija kuti iziyakabe.

Patapita mwezi ndi theka, dzira loyamba lidagwa. Lidali laling'ono ngati la nkhunda, koma Gilibati adazungulira nalo mudzi. Adakafika mpaka kwa Martina, amene misoti yake inkagonabe mumdima osaikira kanthu. "Zanuzo zikadali m'tulo, mayi?" adaseka.

Chimwemwecho sichidathe sabata. M'mawa wina Zipora adapeza msoti umodzi utatuluka mnofu wofiira kumbuyo, dzira litaung'amba. Inzake, imene inkaona zonse pakuwala kwa nyali, idali itaujompha mpaka kuupha. Nkhuku ikalawa magazi sileka. Mawa lake udafa wina, mkuja iwiri, ndipo idapitirira kufa choncho. Pamene Gilibati ankatsitsa nyali yake, idatsala itatu yokha, yothothoka nthenga, ndipo kuikira idaleka.

Patapita mwezi wina ndi theka, tsiku la sikelo litakwananso, Zipora adadina phazi la Enifa ndi chala, chala n'kusiya kadzenje. Adamuonetsa mwamuna wake kadzenjeko. Gilibati adakhala pansi pakhonde mutu uli m'manja. Wailesi idapita, nkhuku zidapita, ndipo tsopano adaopa kuti ndi mwana yemwe apita.

Ali chikhalire choncho, Martina adalowa pabwalo atafumbata kanthu m'chitenje. Misoti yake idali itayamba kuikira sabata yomweyo, pa nthawi imene alangizi adanena. Adamasula mazira awiri aakulu, ofunda.

"Muphikireni mwana, mayi a Enifa. Mawa ndibweretsanso, ndi mkuja womwe."

Zipora adali atabereka mwana kale kuti athamangire kuchipatala, choncho wolandira adali Gilibati. Adagwada, natambasula manja onse awiri kwa mayi amene adamuseka uja, osatha kumuyang'ana kumaso.

Akuluakulu sadaname pamene adati fulumira adadya gaga.