Nyali Zinayi Zoyang'ana Kutsogolo

Kudera lina la ku Nambuma kudali munthu wina amene ankakhala chikamwini. Inu amuna amene mudalawako chikamwini mukudziwa kuti mkamwini amayezedwa ndi munda wa apongozi. Tsono mnzathuyu khasu silinkamuyanja. Akalima mizere isanu, msana unkayamba kudandaula, ndipo wachisanu ndi chimodzi ankaumaliza ndi maso atakhala pachulu. Amayi a m'mudzimo akamuona ankangotsinana, n'kumati mwana wa eni adakwatiwa ndi mlendo wodzaona munda. Mawu amenewa adamulowa mpaka m'mafupa.

Choncho adanyamuka kupita ku esiteti ina ya fodya, kumene adaphunzira kuyendetsa thirakitala. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi adabwerako ndi kathirakitala kakekake. Kadali kakang'ono, kakale, kotha utoto, koma kolima bwino ndithu. Kumbuyo kwake ankamangako pulawo ya mbale ziwiri zachitsulo zotembenuza dothi. Omwe aja ankamuseka adayamba kumupatsa moni ndi manja awiri, poti aliyense ankafuna kulimiridwa. Mvula ikayandikira tsiku linkamuchepera, ndipo nyali zimene kathirakitalako kadabwera nazo zinkawala ngati koloboyi. Adaganiza zowonjezera zina kuti aziyamba ntchito kusanache.

Adagula nyali zinayi zowala mbee, n'kupita nazo kwa makaniko wina wachikulire pamsika, munthu amene adamera imvi akulumikiza mawaya a magalimoto. Mkuluyo adawotcherera chitsulo pamwamba pa mpando, n'kukoka mawaya kuchokera kubatire, n'kuika swichi pafupi ndi chiwongolero. Atafika pomanga nyalizo adati ziwiri ziyang'ane kutsogolo, ziwiri zinazo ziunike kumbuyo kumene kuli pulawo.

"Ntchito ya thirakitala ili kumbuyo, achimwene," adatero mkuluyo. "Kutsogoloku mumangodutsako."

Mkamwini uja adaseka. "Nanga kumbuyoko akazione ndani?"

Iye ankafuna zonse zinayi kutsogolo, kuti akayatsa, ngakhale a kutsidya kwa dambo adziwe kuti mlendo wodzaona munda uja wadzuka. Makaniko adayesa kumuuza kawiri, kachitatu adangopukusa mutu n'kunena kuti mwini wake ndi mwini wake. Adamanga zonse kutsogolo, n'kulimbitsa.

Tsono mundimvetse bwino apa. Apongozi ake aakazi adali amasiye. Amuna awo adamwalira chaka chathacho, koma mvula yawo yomaliza adabzala timitengo tisanu ndi kamodzi ta mango okwatitsa m'mphepete mwa munda, kamtengo kamodzi mdzukulu mmodzi, kalikonse ndi dzina la mwini wake. Chilimwe chonse mayiwo ankasenza ndowa kuchokera kuchitsime kukatithirira, mpaka tidafika m'mawondo. Ana akafunsa za agogo awo aamuna, ankawatengera kumeneko. Mkamwiniyo zonsezi ankazidziwa, poti tiwiri mwa timitengoto tidali ta ana ake.

Mvula yoyamba itagwa, iye adakonza zoti akalime munda wa apongozi aja osauza munthu, ngakhale mkazi wake. Ankafuna kuti kukacha anthu apeze munda wonse uli wofiira, achite kufunsana. Tambala woyamba atalira adadzuka, adaliza injini, n'kudina swichi ija. Ayi ndithu, kudawala. Agalu adauwa, zitseko zidatseguka, anthu adasuzumira atafunda zitenje. Munthuyo adakhala pampando mapewa ali m'mwamba ngati mkwati.

Adayambira m'mphepete, monga ankachitira m'minda yonse. Timitengo tija adationa bwinobwino kutsogolo kwake, masamba ali nyezinyezi, ndipo adatilambalala mosamala, tayala osakhudza ngakhale tsamba. Koma pulawo ija inkatulukira pang'ono kumanja, kupitirira tayala. Masana iye ankazidziwa zimenezi, poti ankati akayenda pang'ono n'kucheuka. Lero adacheuka kamodzi, adangoona mdima wa bii, chifukwa maso amene ayang'ana kowala saona kanthu kumdima. Adati basi zili bwino. Injini inkalira, iye ankaimba nyimbo ya kukwaya, ndipo sadacheukenso.

Kutayera adazimitsa nyali, adatsika, n'kuima manja ali m'chiuno kuti asirire ntchito yake. Munda udalimika, bodza ayi. Kenako maso ake adafika m'mphepete muja. Timitengo tisanu tidali gone m'dothi, todulidwa m'munsi, mizu ili kwina thunthu lili kwina. Kamodzi kokha, kamene kadabzalidwa kunja pang'ono kwa mzere, ndiko kadatsala chiimire.

Adatola kamodzi, adazindikira kuti n'ka mwana wake wamkulu, ndipo adachita manyazi aakulu moti akadakonda nthaka imene adaitembenuzayo imumeze. Njira zidalipo ziwiri. Ina inkapita kukhomo kwa apongozi, kukagwada n'kunena kuti ndalakwa. Inayo idali pomwepo m'manja mwake. Adayang'ana uku ndi uku, sadaone munthu. Adazika timitengo tonse tisanu m'malo mwake, kalikonse n'kukapondera dothi ndi chidendene kuti kaime. Mumtima ankati tikafota anthu adzanena kuti ndi chiswe.

Pobwerera kunyumba anthu ankamuimitsa m'njira. Wina adati nyali zija adayesa kuti kwacha, wina adati mkamwini wotere ndi wosowa. Tsiku limene adalilakalaka zaka zonse zija lidafika, koma mawu aliwonse oyamika ankamubaya. Mkazi wake adamuphikira tiyi ndi mbatata akumwetulira, iye adangonyema pang'ono n'kunena kuti m'mimba simuli bwino. Dzuwa likukwera, iye ankangoganiza za masamba aja, kuti pofika pano ayamba kuwerama.

Chakumadzulo apongozi aja adatulukira pakhomo atakumbatira nkhuku yathadzi. Ankayenda motsimphina, bondo lili lomanga ndi kansalu. Monga mwa mwambo, sadayandikire mkamwini wawo. Adakhala pansi chapatali, chammbali, nkhope atalozetsa kunkhokwe, ndipo adalankhula kudzera mwa mwana wawo. Adati awauze akamwini kuti zikomo, munda umene ukadawatengera mwezi walimika usiku umodzi, ndipo kankhukuka n'kakuti atsukire fumbi kukhosi.

Mkaziyo adalandira nkhuku ija n'kuipereka kwa mwamuna wake. Abale anga, nkhuku si katundu wolemera, koma munthuyo adalephera kuinyamula. Adaiika pansi, adagwada pomwepo pabwalo, maso ali m'dothi, n'kulankhula yekha osadzeranso mwa mkazi wake.

"Amayi, nkhukuyi sindiyenera kuidya. Mango aja ndawadula ndi pulawo. Amene aima kumundako ndachita kuzika ndine, alibe mizu."

Mayiwo sadatembenuke, koma nawonso adayankha okha.

"Ndikudziwa, akamwini. Ndidali kumbuyo kwanu."

Adafotokoza pang'onopang'ono, osakweza mawu. Adati atamva injini adatuluka, ndipo ataona kuwala kukulowera m'mphepete muja adakumbukira mango aja. Adathamanga opanda nsapato. Adafika kamtengo koyamba katagwa kale. Adakuwa, adaitana, adavula mpango n'kumaugwedeza m'mwamba, akuthamangira thirakitala m'zibuma, koma injini inkameza mawu awo ndipo kumbuyoko kudalibe nyali yoti iwaonetse. Pa kamtengo kachinayi adapunthwa n'kugwa, bondo n'kuchekeka. Adakwawira kuseri kwa chulu, chomwe chija mkamwiniyo ankapumirapo kale, n'kukhala pamenepo mpaka kudacha. Ali pomwepo adamuona akutsika, adamuona akutola timitengo, adamuonanso akutizika.

"Podula paja ndidalira mitengo," adatero. "Pozika paja ndidalira inu."

Mkamwiniyo sadathe kudzutsa mutu. Mkazi wake adafunsa amayi ake, misozi ili m'maso, chifukwa chimene adabweretsera nkhuku akudziwa zonsezi. Iwo adati nkhuku ndi ya munda, poti munda walimika. Za mango ankadikira kuti zituluke pakamwa pa mwini wake, ndipo zikadapanda kutuluka, akadafa nazo osauza munthu, koma sakadamuonanso ngati mwana wawo.

M'mawa mwake munthuyo adabwerera kumsika. Adaima nthawi yaitali pakhomo pa makaniko uja akukanda m'mutu. Mkuluyo adamuyang'ana, adayang'ana nyali zija, n'kutenga sipanala. Sadamuseke, adangofunsa kuti zingati. Iye adati ziwiri. Idali ntchito yosatha ngakhale theka la ola, kumasula, kutembenuza, kulimbitsa, basi. Pobwerera adagula mbande zisanu za mango okwatitsa, adazibzala, ndipo chilimwe chotsatira ankasenza ndowa yekha kukathirira, amayi a m'mudzimo akumuona. Mbandezo zidagwira. Koma madzi akatayika saoleka. Mwa mitengo isanu ndi umodzi imene ili m'mphepete mwa munda umenewo, umodzi wokha ndiwo udabzalidwa ndi dzanja la malemu, ndipo iye akamadutsapo amayang'ana pansi.

Abale ndi alongo, fanizoli likunena za ife. Ambirife nyali zathu zonse tidalozetsa kutsogolo, kumene kuli maso a anthu. Kutchalitchi kuno timawala, pamaliro timawala, pamisonkhano dzina lathu limatchulidwa. Koma Mulungu sayeza munthu ndi kuwala kumene kuli patsogolo pake. Amayang'ana mzere umene munthuyo wasiya m'mbuyo, kumene kuli mkazi wake, mwamuna wake, ana ake, makolo ake, ndi aja amamugwirira ntchito. Kumeneko ndiko kuli pulawo. Mawu athu, ukali wathu, changu chathu, zimadula zinthu zimene ena adazithirira chilimwe chonse, ife tikuimba nyimbo pampando. Ndipo tikazindikira, ambiri timathamangira kuzika zopanda mizu kuti zioneke ngati zili moyo, n'kunamizira chiswe, kuiwala kuti alipo amene adaona zonse ndipo akungodikira kuti zituluke pakamwa pathu.

Mawu a Mulungu sadaperekedwe kuti anthu a kutsidya kwa dambo atione. Adaperekedwa kuti ife tidzione. Lero musatuluke muno nyali zonse zili kutsogolo. Pemphani Ambuye akutembenuzireni imodzi, ndipo mukafika kunyumba mukacheuke. Mwina alipo wina amene wakhala akukuthamangirani m'zibuma, opanda nsapato, akukuitanani, ndipo mitengo ina ikadali chiimire.