Tsabola wa M'bokosi la Nazimbiri

Ana inu, mukamva akuluakulu akuti tsabola wakale sawawa, musayese kuti mawuwa adagwa ndi mvula. Adabadwira pakhonde la munthu, ndipo munthuyo adali mayi wina dzina lake Nazimbiri.

Nazimbiri ankakhala pafupi ndi siteshoni ya sitima, m'munsi mwa mapiri a ku Ntcheu, pamodzi ndi amuna ake a Chikaonda, omwe adali telala. Ana awo atakula n'kumwazikana, nkhani nazo zidatha m'nyumbamo. M'mawa "mwadzuka bwanji", madzulo "madzi ali kubafa", basi.

Tsono pasiteshonipo padafika mayi wamasiye, Nangondo, wokazinga kanyenya wa mbuzi. Mayiyu adali ndi zinthu ziwiri zokoka anthu: tsabola wa kambuzi wothyola tsiku lomwelo, ndi pakamwa. Ankadziwa akuba onse a m'deralo ndi momwe adagwidwira, ngakhale uja adaba mbuzi atavala nsapato motembenuza kuti mapazi aloze kwina. A Chikaonda adayamba kutseka makina dzuwa likadali pamwamba, ulendo wa kusiteshoni.

Nsanje idamugwira Nazimbiri. Chidamuwawa kwambiri n'chakuti amuna ake ankabwerako akuseka okha m'njira, koma akaponda pakhomo nkhope gwa.

"Kodi bambo a Elube, kusiteshoni kuja mwalembedwako ntchito?"

"Ndimangokamverako nkhani, mayi."

"Oo. Nkhani za masiku ano zimanunkha mafuta eti?"

A Chikaonda adangotsokomola. Nazimbiri adaona kuti akangokhala chete, mwamunayu adzamutaya dzuwa likuswa mtengo.

Koma iye adali ndi zida zake pansi pa bokosi la zovala. Choyamba chidali buku la nkhani zazifupi za apolisi ofufuza milandu a kutsidya kwa nyanja, limene amalume ake adabwera nalo kuchokera ku Halale iye ali mtsikana. Masiku amenewo ankaliwerenga mokweza pakhonde, anyamata atakhala phee, ndipo mnyamata amene sankaphethira n'komwe adali Chikaonda. Chachiwiri chidali kachitini ka tsabola wosinja wa malemu amayi ake, yemwe adaliza Chikaonda tsiku loyamba kudya kwa apongozi. Nazimbiri sadakatsegulepo chimwalirire mayiwo. Ankati ngwa tsiku lalikulu.

"Zimene zidamukola kale zimukolanso," adatero mumtima.

Lamulungu lina atachoka kutchalitchi adapha tambala. Adaitana anzawo a amuna ake, a Kamtedza ndi a Lipenga, ndipo adaitananso Nangondo yemweyo kuti adzaone ndi maso ake mwini munda. Anthu atasamba m'manja, iye adaika kachitini kaja pamphasa.

"Muthire pang'onopang'ono. Ameneyu adaliza amuna."

Kenaka adatsegula buku. Nkhani yoyamba idali ya mkanda wa dona wina umene udasowa. Wofufuza adasuzumira pawindo, adasonkhanitsa anthu m'chipinda, n'kuloza mmodzi. Yachiwiri idali ya wotchi yagolide. Wofufuza adasuzumira pansi pa mpando, adasonkhanitsa anthu m'chipinda, n'kuloza mmodzi. Pofika pa yachitatu, mawu a Nazimbiri adayamba kuzilala. Kodi zimene zinkamudumphitsa mtima ali mtsikana zidali izizi? Anthu a m'bukumo adalibe nkhope, adalibe kwawo, akalowa khutu ili n'kutulukira linalo. Adakhumudwa zedi, koma adalimbikira kuwerenga chifukwa Nangondo adali pomwepo.

"Pepani mayi," adadula a Kamtedza, "wakuba ameneyu ndi yemwe uja wa poyamba?"

Nazimbiri adatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma adapeza kuti nayenso waiwala. Atacheuka adaona a Chikaonda atatsamira chipupa, mutu uli pachifuwa, akuwodzera. A Lipenga adali atathira tsabola wodzadza supuni pantchafu ya nkhuku, akutafuna mwamtendere ngati adathira utuchi. Palibe adatulutsa msozi ngakhale umodzi.

Nangondo adanyambita pang'ono pachala.

"Tsabolayu ngwa liti, achemwali?"

"Ngwa malemu amayi anga."

"Pepani ndithu. Adali wabwino pa nthawi yake. Komatu tsabola wakale sawawa."

Apo ndiye padaphulika. Nazimbiri adatseka buku, phwa! A Chikaonda adadzidzimuka.

"Mukufuna nkhani ya wakuba? Imvani iyi. Bambo a Elube, mvula itangoyamba mudanditsanzika kuti mukupita kumaliro. Mudabwerako ndi mwaye wa sitima pakolala. Kumanda kumadutsa sitima?"

"Mayi, pali anthu..."

"Akhale, ndi mboni. Ndikuchapa malaya aja, m'thumba ndidapezamo kanjere kamodzi. Ndidati ndikafunsa andinamiza, koma nthaka sinama. Ndidakabzala kuseri kwa khitchini, ndikukathirira m'mawa uliwonse inu mukusoka."

"Ndiye kadamera?" adafunsa a Lipenga, fupa lili m'manja, kutafuna ataiwala.

Nazimbiri adanyamuka. Adazungulira kuseri, n'kubwera atafumbata kambuzi wakupsa, n'kumukhuthulira pambale ya amuna ake.

"Mayi Nangondo, mwana uyu mukumudziwa?"

Nangondo adaomba m'manja. "Ngwanga ameneyu! M'dera lonse lino mbewu imeneyi ndili nayo ndekha."

"Wakuba ndi ameneyo," adatero Nazimbiri akuloza amuna ake. "Waba madzulo anga onse n'kukawagulitsa kusiteshoni. Chilango chake adye mboniyo."

A Kamtedza adagubuduzika pamphasa ndi phwete. A Chikaonda, poona kuti mlandu wawagwera, adatola kambuzi mmodzi n'kuluma. Misozi idatsika, mamina nawo osatsala, monga tsiku lija kwa apongozi. Atapeza mpweya adayang'ana mkazi wawo ndi maso aja a pakhonde lakale.

"Mayi a Elube, nkhani ngati imeneyi mumasungira yani? Ine kuthamangira kusiteshoni chonsecho sitima ili pakhomo pano!"

"Atengeni amuna anuwa, achemwali," adatero Nangondo akupukuta misozi ya kuseka. "Kwanga kuja amangodzaza benchi ngati thumba la makala. Koma nkhaniyi ndiye ndaitenga, mawa siteshoni yonse iimva."

Adaimvadi, ndipo mawu a Nangondo aja adakwera sitima n'kufika kutali. Buku lidabwerera m'bokosi. Kuyambira tsikulo Nazimbiri ankaonetsetsa zochitika pamsika ndi pachitsime, madzulo n'kumazifotokoza pakhonde, a Chikaonda akumvetsera pambali pake. Nsanje yokha sidathe. Amuna ake akangoyang'ana cha kusiteshoni, iye ankati, "Ndikathyole mboni?"

N'chifukwa chake akuluakulu amati tsabola wakale sawawa. Satanthauza kuti zakale n'zoipa, pakuti tsabola uja adalizadi anthu pa nthawi yake. Akunena kuti chimene chidagwira ntchito dzana sichingagwire lero chifukwa choti mudachisunga bwino m'bokosi. Nzeru, luso ngakhale chikondi zimafuna kubzalidwanso ndi kuthiriridwa. Mukafuna kuti munthu akumvereni lero, muthyolereni wa lero.