Galimoto Yofiira ya a Ariyapala

Ku Haputale kunalibe munthu wosaidziwa galimoto ya a Ariyapala. Inali yofiira, yopanda denga, ya mipando iwiri yokha, ndipo anaigula kwa mzungu wa esiteti ya tiyi pamene ankabwerera kwawo. Zaka makumi atatu zinadutsa, mwini wake n'kuchita imvi, koma m'mawa uliwonse ankaipukutabe asanalawe n'komwe tiyi. Akazi awo, mayi Kusuma, ankati pakhomo paja iwo ndi mkazi wamng'ono, wamkulu amagona m'galaja.

Chaka chimene mwana wawo mmodzi yekhayo, Dilrukshi, ankakwatiwa, wopenda nyenyezi anaika nthawi: mkwatibwi akwere pansanja ya ukwati patadutsa mphindi khumi ndi zisanu ndi ziwiri kuchokera pa teni koloko m'mawa. Kuno nthawi yotere sachita nayo masewera. Ikakwana, mwambo umayamba ndi amene alipo. Pansanjapo ndi bambo amene amatenga dzanja la mwana wake n'kuliika m'dzanja la mkwati, ndipo a Ariyapala ankailakalaka mphindi imeneyo kuyambira Dilrukshi ali khanda. Analumbiranso kuti adzamutenga okha pagalimoto yofiira mpaka kuholo ya ukwati, pamwamba pa phiri.

Koma galimotoyo inali itayamba kamkhalidwe kena. Akaponda mafuta pachitunda, injini inkalira ngati ikuthamanga pomwe matayala akungokwawa, ndipo pansi pankachokera kafungo kopserera. Atapita nayo kwa a Gunapala, makaniko amene ankaisamala kuyambira kale, iwo sanavutike n'kulowa pansi pake. Anakoka handibuleki, n'kuika giya yomaliza, kenaka n'kuchotsa phazi pakilatchi pang'onopang'ono. Galimoto yabwinobwino ikanazima pomwepo. Iyi inangopitiriza kulira.

"Mwaimva, bwana? Kilatchi yatha iyi, ikungoterera. Mbale yake yapyapyala ngati tsamba la tiyi."

Anafotokoza kuti pafunika kutsitsa injini ndi giyabokosi, kuitanitsa mbale ina ku Colombo, ndipo ntchito yonseyo ndi ya masabata atatu. Tsoka ilo, ukwati nawo unali utatsala masabata atatu, ndipo masabata omwewo a Ariyapala anali atapangana kale ndi wopaka penti wa ku Bandarawela. Penti ya paboneti inali itasuluka, ndipo iwo ankasowa tulo akaganiza za maso a abale ake a mkwati, anthu apamwamba a ku Kandy.

"Kodi alendo a paukwati amakwawira pansi pa galimoto kukaona kilatchi?" anafunsa. "Ingoikokako pang'ono, Gunapala. Ulendo wake ndi makilomita asanu okha."

"Asanu a chitunda, bwana. Ndinaikoka kale kawiri, palibenso chokoka. Nalonso phazi lanulo limagona pakilatchi ngati pamtsamiro."

Mawu a phaziwo ndi amene anaononga zinthu. Bambo wachikulire mukhoza kumuuza kuti wayamba kugontha, akuseka nanu, koma osayerekeza kumuuza kuti sadziwa kuyendetsa. A Ariyapala anachoka osatsanzika, n'kulunjika kwa wopenta. Mayi Kusuma atapempha kuti mchimwene wawo, a Somasiri, adzatsatire pambuyo ndi galimoto yawo, a Ariyapala anakana kwamtuwagalu. Anati galimoto imene inanyamula mayi ake a Dilrukshi tsiku la ukwati wawo singalephere kunyamula mwana.

Tsikulo litafika, onse anatsogola kuholo, bambo ndi mwana n'kunyamuka pomalizira. Kunena zoona, galimotoyo inkawala moti munthu ukanadziona nkhope. Dilrukshi anakhala pambali pa bambo ake atavala sari yoyera ndi mikanda yolemera m'khosi, ndipo amayi othyola tiyi ankaimika ntchito n'kumawakupizira manja. Mtima wa a Ariyapala unali mbee.

Pakona yachitatu anapeza thalakitala yonyamula masamba a tiyi ikutembenuka, ndipo anayenera kuima pakati pa chitunda. Msewu utatseguka anaponda mafuta n'kuchotsa phazi. Injini inabangula, galimoto osasuntha. Anayesanso, utsi wonunkha unatuluka pansi, kenaka galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo mpaka anaigwira ndi mabuleki. Anayang'ana wotchi: teni koloko inali pafupi, ndipo panatsala makilomita awiri.

Apo m'pamene anamva kanjinga kamoto kakukwera mwakachetechete. Anali a Gunapala, atavala malaya oyera a paukwati. Munthuyo sanatsogole ndi anzake. Anadikira pamphambano n'kumatsatira chapatali kuti asaoneke. Sananene kanthu za kilatchi. Anangopukuta mpando wakumbuyo ndi mpango wawo, ndipo aliyense anaona kuti mpandowo ndi wa munthu mmodzi.

Dilrukshi anayang'ana bambo ake, misozi ili lengelenge. "Ababa, nanga inu?"

"Pita, mwana wanga. Nthawi ija singadikire ine."

Anamuthandiza kukhala cham'mbali, n'kumupindira sari kuti isakodwe m'tayala. Kenaka anatsekera matayala a galimoto ndi miyala nayamba kukwera wapansi, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu, suti ili pathupi. Ng'oma anazimva ali pakona yomaliza. Anamvanso atsikana akuimba nyimbo ya madalitso, ndipo anadziwa tanthauzo lake.

Polowa m'holo anapeza kokonati wotsekera mwambo atamuswa kale, akwati atatsika pansanja. Dzanja la Dilrukshi anapereka ndi a Somasiri. Mwanayo anabwera kudzagwada pamapazi pawo monga mwa mwambo, ndipo a Ariyapala analira osabisa, pakuti chimene anachidikira zaka zonsezo chinali chitadutsa ndipo sichikanabwereranso.

Madzulo, alendo a ku Kandy akutsika phiri, anaima pamene panali galimoto ija. Bambo ake a mkwati anaizungulira, n'kusisita boneti, nati sanaonepo galimoto yakale yosamalidwa chonchi. A Ariyapala anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika m'dzanja la a Gunapala. Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.