Tsiku Limene Mawu a Amalume Anabwerera

Ana inu, mwambi umene tiphunzire lero ndi wakale kuposa magetsi. Koma mukafunsa a kwa Kambalame ku Dedza, adzakuuzani kuti kwa iwo unabadwira m'kachipinda kojambuliramo nyimbo. Tcherani khutu.

Kunali mnyamata wina dzina lake Fatsani, amene ankapanga nyimbo pa kompyuta, ndipo makwaya ankabwera kwa iye kudzajambulitsa. Khutu la nyimbo anali nalo, koma mtima wake sunkakhazikika. Pulogalamu yojambulira imene anayamba nayo ankaidziwa ngati njira ya kuchigayo, komabe ankadandaula kuti ng'oma zake sizigunda pamtima. Anasamukira ku ina imene anzake a ku Lilongwe ankaitama. Ng'oma zake zinali zabwinodi, koma inkalemera kompyuta yake yakaleyo mpaka mawu ankatuluka modukaduka. Anayesa ina, kenako inanso. Nyimbo zambiri zinangotsala mutu kwina miyendo kwina, pakuti ntchito yoyambidwira m'pulogalamu imodzi sinkatseguka mu inzake.

Fatsani analeredwa ndi amalume ake, a Sandifolo, amene paunyamata wawo ankaimba banjo m'maukwati. Iwo anali ndi nyimbo imene anapekera malemu mchemwali wawo, mayi ake a Fatsani, ndipo inali isanajambulidwepo. Mnyamatayo ankangolonjeza kuti adzaijambula akapeza pulogalamu yoyenera mawu awo. Ali mkati mofufuzamo, a Sandifolo anadwala pakhosi. Mawu ankati akabwera lero, mawa asowa, ndipo adokotala anawauza kuti akawachita opaleshoni, mwina sadzaimbanso.

M'mawa wina nkhalambayo inadzuka mawu ali bwinobwino. Inanyamula banjo n'kukagogoda kwa Fatsani.

"Lero pakhosi pandilola," anatero a Sandifolo. "Yatsa makina ako."

Tsoka ilo, dzulo lake Fatsani anali ataika pulogalamu yatsopano. Amalume anaimba ndime yoyamba yonse, koma pomvetsera anapeza kuti palibe chalowa. Fatsani anasakasaka polumikizira maikolofoni, osapaona. Anathawira ku pulogalamu ya anzake a ku Lilongwe ija, amalume n'kuyambiranso, koma mawu anatuluka odukaduka. Anabwereranso ku yatsopano ija. Apa n'kuti a Sandifolo atayamba kutsokomola, mawu akusasa pang'onopang'ono.

Nkhalambayo sinakalipe. Inatsamiritsa banjo pakhoma, n'kufunsa kuti mwa mapulogalamu onsewo, ndi iti imene manja ake ankaidziwa ngakhale atatsinzina.

"Yoyamba ija, amalume. Koma ng'oma zake si zabwino."

"Nyimbo ya mayi ako ilibe ng'oma," anayankha a Sandifolo.

Fatsani anatsegula pulogalamu yakale ija, ndipo zala zake zinangoyenda zokha. Amalume anamwa madzi ofunda, n'kuimba kamodzi kokha, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Pofika pa dzina la mchemwali wawo mawu ananjenjemera, koma anapirira mpaka anamaliza. Dzuwa lisanapendeke mawuwo anali atapitanso.

Opaleshoni inayenda bwino ndipo a Sandifolo anachira, koma kuyambira pamenepo ankangoyankhula monong'ona. Atatuluka m'chipatala, abale anasonkhana pakhonde, Fatsani n'kuwaikira nyimbo ija. Sanawonjezeremo kanthu, ngakhale ponjenjemera paja sanapakonze. Alongo ake aang'ono, amene sankakumbukira nkhope ya mayi awo, anapempha kuti aibwereze. Itatha, Fatsani anagwada pamaso pa amalume ake, n'kuwathokoza chifukwa chomulezera mtima tsiku lija. Ananena kuti akanamukalipira, bwenzi atasokonezekeratu, ndipo nyimboyo ikanapita ndi mawu awo.

A Sandifolo anamukokera pafupi kuti awamve. Anati nawonso akuthokoza, chifukwa tsopano angakhale chete popanda chisoni. Kenako anamuuza za mbusa amene mvula inamupeza kuphiri, pakati pa mapanga awiri. Atalowa m'phanga loyamba anaona ngati linalo ndi lalikulu, atafika kumeneko anakumbukira kuti loyamba lija silidontha. Mvula inakata iye akuthamangabe pakati, ali chinyowere.

Fatsani sanaleke kuyesa mapulogalamu atsopano, koma ankatero masiku opanda ntchito. Woimba akalowa m'kachipinda kaja, ankatsegula imene manja ake ankaidziwa.

N'chifukwa chake akulu amati, "Mapanga awiri avumbwitsa." Sakutiletsa kufufuza chimene chikutiyenera, ayi. Akutiuza kuti kufufuza kuli ndi nthawi yake, kunja kukali kowala. Mvula ikayamba, lowani m'phanga limene mukulidziwa, mukhale momwemo mpaka ikate.